Ana a matchona: tsankho la ku Joni linafika mpaka ku Mzimba

Mwana wa sukulu akamva za tsankho la azungu ndi anthu akuda, maganizo ake amathamangira ku Soweto, kwa Nelson Mandela, ndi ku zikwangwani zija zoletsa munthu wakuda kukhala pa benchi kapena kulowera khomo la kumaso. Amaona ngati ndi nkhani ya eni ake a ku South Africa, ife inangotilambalala. Ine amene ndinakulira m'mudzi wina kufupi ndi Embangweni, kwa Inkosi Mzukuzuku, m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, sindingavomere. Kwathu kunalibe chikwangwani ngakhale chimodzi. Mzungu tinkamuona mwa apo ndi apo, ku mishoni kapena pa boma. Koma malamulo opangidwa ku Cape Town ndi amene ankanena kumene bambo anga azigona, amene amayi anga azikhala naye, ndi chaka chimene ine ndidzaone nkhope ya bambo.

Angoni a M'mbelwa anachedwa kulowa mu ulamuliro wa Angerezi. Zinachitika mu 1904, pamene mkulu wa boma la atsamunda, Alfred Sharpe, anakumana ndi mafumu ku Ekwendeni, ndipo patangopita zaka ziwiri msonkho unayamba. Msonkho unkafuna ndalama, osati ng'ombe kapena mawere, ndipo ndalama ku Mzimba kunalibe. Minda ya tiyi ndi fodya ya azungu inali kummwera, njanji inathera ku Salima. Chimene tinali nacho chochuluka ndi sukulu: Donald Fraser anatsegula mishoni ya Loudon ku Embangweni mu 1902, ndipo masukulu a m'midzi anangoti mbwee. Ndiye mnyamata wodziwa kuwerenga, kulemba ndi kuyankha Chingerezi, koma wopanda pogwira m'dziko lake, akanatani? Ankamanga kamtolo n'kuuyamba wapansi, kulowera ku Halale, ena osaima mpaka kuwoloka Limpopo. Komiti imene boma la atsamunda linakhazikitsa mu 1935 inapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 a Nyasaland anali kunja, kutanthauza woposa mmodzi mwa amuna anayi alionse, ndipo kumpoto kuno kunali koposa apo.

Njira zinali ziwiri. Yoyamba inali ya Wenela, bungwe la eni migodi ya golide lolemba anthu ntchito, limene pambuyo pake linatchedwa TEBA. Dzina lakalelo likadalipo pa depoti ya mabasi ku Blantyre. Munthu ankapimidwa m'thupi, kukwezedwa pa sikelo, n'kudinda chala pa kontrakiti ya chaka ndi theka kapena zaka ziwiri. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 ankawanyamula pa ndege mpaka ku Francistown, m'dziko la Botswana, kumene ankakwera sitima. Kumgodi ankagona m'komboni ya amuna okhaokha, pa mabedi a simenti osanjikizana, atagawidwa potengera mitundu yawo. Mkazi ndi ana sankaloledwa. Lamulo la migodi la 1911 linasungira azungu ntchito zonse zaluso, moti munthu wakuda, ngakhale amere imvi pansi pa nthaka, sakanapatsidwa chiphaso chophulitsira miyala, ndipo choletsa chimenechi chinatha kumapeto kwenikweni kwa zaka za m'ma 1980. Katswiri wa zachuma Francis Wilson anawerengera kuti mu 1969 mzungu wa kumgodi ankalandira malipiro a munthu wakuda kuchulukitsa pafupifupi ka 20, komanso kuti zimene wakudayo akanagula ndi malipiro ake sizinawonjezeke chichokereni 1911.

Yachiwiri inali ya selufu, kupita pawekha popanda wokulemba. Ambiri a kwathu ankakonda imeneyi, chifukwa Chingerezi cha ku mishoni chinkawapezetsa ntchito za pamtunda: ukhukhi, kuperekera zakudya m'mahotela, ukalaliki, kusamala maluwa. Vuto linali pasi. Wopezeka m'tauni alibe mapepala ankamangidwa, ndipo ambiri ankatumizidwa kukagwira ntchito yakalavulagaga m'minda ya mbatatesi ya ku Bethal, imene nkhanza zake anaziulula mtolankhani Henry Nxumalo m'magazini ya Drum mu 1952.

Bambo anga anapita selufu. Anali khukhi wa banja lina la azungu m'dera la kumpoto kwa Johannesburg, ndipo ankagona m'kachipinda ka kuseri, pafupi ndi galaja. Chakudya cha banjalo ankaphika ndi manja awo, ana a m'nyumbamo ankawanyamula ndi manja omwewo, koma okha ankamwera m'kapu yachitini ndi kudyera m'mbale yachitsulo, zosungidwa padera kuti zisakhudzane ndi ziwiya za a bwana. Tiana ta m'nyumbamo tinkawaitana ndi dzina lawo loyamba, dzina limene kumudzi ngakhale amayi sakanayerekeza kulitchula. Kuti mkazi wawo akagone nawo m'kachipindako, lamulo silinkalola. Kuti mwana wawo akaphunzire kumeneko, n'zosayamba n'komwe. Iwo ankalera ana a ena, ife tikuleredwa ndi makalata.

Anthu ena amati Amalawi ankangokonda kuyenda. Ine ndimati ayi, zinthu zinakonzedwa dala kuti zikhale choncho. Dziko lija linkafuna manja a munthu wakuda, osati banja lake. Mwana abadwire ku Mzimba, akulire ku Mzimba ndi chimanga cholimidwa ndi amayi ake, akakhwima apite kukakumba golide, akadwala kapena kukalamba abwerere ku Mzimba kukasamalidwa ndi akazi omwe aja. Zinali ngati kubwereka ng'ombe yapangolo: ikadali ndi mphamvu ndi yako, ikafooka uibweze kwa mwini khola kuti aidyetse. Malipiro akanatsika bwanji chotero pakanapanda amayi athu kulipira mbali inayo ndi khasu?

Kwathu mkazi wolowoledwa amakhala kwa mwamuna, ndipo ana ndi a kuchimuna. Choncho amayi anatsala pakati pa apongozi ndi alamu, akulima munda wa anthu awiri okha. Denga likayamba kudontha ankachita kupempha alamu, n'kuwafululira mowa. Kalata yochokera ku Joni sinkalembedwa kwa amayi. Inkapita kwa agogo aamuna, ndipo ndalama zikabwera ndi munthu wobwerera kumudzi, agogo ndi amene ankagawa: za msonkho, zogulira ng'ombe, za fizi, zotsalazo n'kukhala za mchere ndi sopo. Nditaphunzira kuwerenga, ntchito yowerenga makalata inakhala yanga. Ndinkakhala pansi pafupi ndi khola, agogo ali pampando, amayi atagwada chapatali, ine n'kumatchula mawu a munthu amene mawu ake enieni sindinkawadziwa. Moni wa amayi unkabwera kumapeto, pambuyo pofunsa za ng'ombe.

Ife tinali ndi mwayi, makalata ankabwera. M'makomo ena anangoleka. Mwamuna watchona, mwina wakwatira kumeneko, mwina wafa, palibe wodziwa. Mkazi achoke? Ng'ombe zinaperekedwa, ndipo akachoka ana atsala. Ndikudziwa amayi amene anakalamba akudikira, osakhala pabanja, osakhalanso amasiye.

Tsiku limene bambo anabwera kutchuthi ndili wamkulu ndithu woti n'kukumbukira, mudzi wonse unasonkhana. Panali bokosi lachitsulo, njinga, mabulangete, ndi galamafoni imene inatisowetsa tulo. Mlongo wanga wamng'ono anathawira kuseri kwa nkhokwe. Amayi anandikankha pang'ono: “Kapereke moni kwa adada ako.” Ndinanjuta n'kupereka moni umene timapereka kwa alendo, iwo n'kundifunsa kuti ndili kalasi yanji, nkhani n'kuthera pomwepo. M'bokosi muja munalinso kapu yadothi yoyera, ya maluwa m'mbali, ndi kambale kake. Imeneyo inali ya iwo okha. M'mawa uliwonse ankamwera tiyi pakhonde, mosathamanga, atavala jekete ngakhale kutenthe. Tsiku lina anandipeza ndikumwera madzi m'kapu muja, ndipo anandikwapula kuposa mmene mlanduwo unalili. Amayi, amene sankawayankha chisawawa, anangoti, “Bambo, kodi kapu yaposa mwana?” Iwo sanayankhe. Za kapu yachitini ija anadzandiuza okha atakalamba, akuseka, koma kuseka kosafika m'maso.

China ndinachiona pa boma pa Mzimba, dziko litalandira kale ufulu. Tinali pakhonde la sitolo, ndipo kunabwera mnyamata wachizungu, mwina mphunzitsi wongodzipereka, nsapato zili fumbi lokhalokha. Bambo anga, munthu amene pamphala akatsokomola anyamata ankakhala chete, anavula chipewa msangamsanga, n'kutsika pakhondepo kuti mnyamatayo adutse, akuti, “Bwana.” Mnyamata uja anachita manyazi, ine ndinachita manyazi kuposa iye. Palibe anawalamula. Thupi linangochita zimene linazolowera.

Tisanamizane kuti Nyasaland anali woyera. Kuvula chipewa sikunayambire ku Joni. Ndi limodzi mwa madandaulo amene anamveka pa kafukufuku wa kuukira kwa John Chilembwe mu 1915. Nyumba ya Malamulo ya ku Zomba inayamba mu 1907, koma munthu wakuda analowamo koyamba mu 1949, ndipo zaka zonse za pakatipo wotiyankhulira anali mmishonale. Sukulu ya sekondale ya ana akuda inayamba cha m'ma 1940 ku Blantyre, kumpoto kuno tinadikira mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. M'nthawi ya Chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, sukulu za ana a azungu, amwenye ndi makaladi zinali m'manja mwa boma la ku Salisbury, za ana akuda m'manja mwa boma losauka la ku Zomba. Kungoti tsankho la kuno linalibe mano ngati la kummwera, chifukwa azungu okhazikika anali ochepa, ndipo ku Mzimba sanatenge malo ngati ku Thyolo ndi Mulanje.

Apa ndi pamene matchona ndi anzawo obwerera anagwira ntchito imene mabuku a sukulu saitchula mokwanira. Atsamunda atabwera ndi nkhani ya Chitaganya, yophatikiza Nyasaland ndi Rhodesia, ankalonjeza chitukuko. Anthu a kwathu sanafunikire wandale woti awamasulire. M'mudzi uliwonse munali munthu amene anayendapo ndi chitupa ku Salisbury kapena ku Bulawayo, amene anagulirapo nyama pawindo, amene anagonapo m'selo chifukwa choyenda usiku. Ankadziwa chimene chikubwera. Mizu ya kutsutsa kwawo inali yakale: bungwe la Mombera Native Association linayamba mu 1920, ndipo Levi Mumba, mwana wa boma lino la Mzimba, ndi amene anakhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944. Ngakhale ku South Africa komweko, bungwe lalikulu loyamba la antchito akuda, ICU, linayambitsidwa mu 1919 ku Cape Town ndi Clements Kadalie wa ku Chifira, ku Nkhata Bay, wophunzira ku Livingstonia. Ndipo pa 3 Malichi 1959, pa nthawi yolimbana ndi Chitaganya, magazi anakhetsedwa pa doko la Nkhata Bay, pamene asilikali anawombera anthu osachepera 20.

Ufulu utabwera mu 1964 tinkayesa kuti abambo athu abwerera. M'malo mwake anapita ochuluka kuposa kale. Dr. Kamuzu Banda anakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho mu 1967, mtsogoleri wa bomalo, John Vorster, anabwera kuno mu 1970, Kamuzu anakacheza kumeneko mu 1971, ndipo ndalama za South Africa zinathandiza kumanga likulu ku Lilongwe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi a m'migodi ya kumeneko anaposa 100,000. Kamuzu ankati dziko losauka, lopanda doko, silingasankhe anansi. Mfundoyo ndimaimva, koma sindiiwala kuti pa nthawi imene mayiko anzathu ankatsutsa tsankholo poyera, ife tinalibe ufulu ngakhale wodandaula pamowa. Chimene chinaimitsa ulendo ndi ngozi: mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown, n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo. Kamuzu analetsa kulemba anthu, ntchitoyo inayambiranso mu 1977 koma mochepa, ndipo inatheratu kuchokera mu 1988 pa mkangano woyeza Amalawi kachilombo ka HIV. Anthu pafupifupi 13,000 anabwezedwa m'zaka zotsatira, ambiri osakonzeka.

Ndinene pang'ono kuti nafenso tinaphunzira kusankha. M'zaka za m'ma 1970 amwenye anachotsedwa m'matauni ang'onoang'ono n'kuuzidwa kuti azichita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha, ndipo mu 1989 aphunzitsi analamulidwa kukaphunzitsa m'zigawo za kwawo. Sindikuti zimenezi n'zofanana ndi za ku Joni. Ndikungoti amene anamva kuwawa kwa kusankhidwa sanachedwe kusankha anzawo.

Chotsala choyamba cha nthawi imeneyo chili m'zifuwa. Bambo anga aang'ono anapita kumgodi wina wa golide ali mnyamata wovina ingoma mpaka fumbi kubuka. Atabwerera komaliza, kuyenda kuchoka panyumba kufika kudimba ankapuma panjira, dzanja lili pachifuwa. Kuchipatala anawapatsa mankhwala a chifuwa chachikulu, chinkatha n'kuyambiranso. M'mudzi munamveka za ufiti, abale anadana. Chimene chinkawadya ndi matenda a fumbi la miyala, silicosis: fumbi losaoneka ndi maso limalowa m'mapapo pobowola thanthwe, mapapo amachita zipsera n'kuuma, ndipo munthu wotere chifuwa chachikulu chimamugwira mosavuta. Matendawa sachizika, ndipo amatha kuonekera patapita zaka zambiri munthu atasiya ntchito, ali kale kumudzi kumene kulibe womujambula. Kwa zaka zambiri malamulo a chipukuta misozi ankaperekanso ndalama potengera khungu. Anamwalira osalandira kanthu. Mu 2018 makampani asanu ndi imodzi a migodi ya golide anagwirizana ndi maloya a anthu odwala kuti apereke ndalama zokwana R5 biliyoni, khoti linavomereza mu 2019, ndipo panakhazikitsidwa thumba la Tshiamiso Trust lolipira amene anagwira ntchito m'migodi yawo kuyambira mu Malichi 1965 n'kudwala silicosis kapena chifuwa chachikulu, ngakhalenso mabanja a amene anamwalira.

Chotsala chachiwiri ndi msewu. Malamulo a mapasi anathetsedwa mu 1986, Mandela anakhala pulezidenti mu 1994, koma imani pa Jenda kapena pa depoti ya Mzimba muone magalimoto okoka ngolo zodzaza mafiriji, matilesi ndi malata, ndi anyamata onyamula kachikwama kamodzi akulowera ku Dedza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge. Sindinyoza. Fizi yanga inachokera ku Joni, ndipo nyumba zambiri zamalata ndi zasola za ku Manyamula, Edingeni ndi Embangweni zamangidwa ndi marandi. Koma pa zaka zimene ndinagwira choko m'masukulu a kuno, ndinaona mnyamata wanzeru akusiya Fomu 2 chifukwa pasipoti yatuluka. Ukamufunsa amati, “Aphunzitsi, inu munamaliza sukulu, njinga yamoto muli nayo?” Yankho linkandisowa. Kwa zaka zoposa 100 dera lino lakhala likutumiza anthu m'malo motumiza katundu, ndipo mpaka lero fakitale yolemba anyamata ambiri kummwera kwa Mzimba kulibe.

Kumene akupitako, zikwangwani zinachotsedwa koma ntchito ndi zomwe zija: m'dimba la maluwa, m'khitchini, pa geti. Masiku 30 ololedwa pa pasipoti akatha, munthu amayamba kuyenda chozemba apolisi, ndipo akagwidwa amakadikira kumalo osungirako ogwidwa ku Lindela kuti abwezedwe. Chowawa kwambiri n'chakuti amene amamuthamangitsa tsopano ndi wakuda mnzake. Mu Meyi 2008 anthu 62 anaphedwa pa zipolowe zodana ndi obwera, ndipo mu Epulo 2015 boma lathu linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu ake ku Durban. Taganizani: makolo a Angoniwa anachokera komweko, anawoloka Zambezi ndi Zwangendaba mu 1835, ndipo mdzukulu wawo, wa mfunda womveka bwino m'Chizulu, akuuzidwa kuti abwerere kwawo. Ine ndimaona kuti eni dzikowo nawonso akudwala nthenda yomwe ija. Anawaphunzitsa kwa zaka zambiri kuti munthu amayezedwa ndi pepala ndi kumene anachokera, anawaunjika m'malokeshoni opanda ntchito, ndipo mkwiyo wawo ukugwera wapafupi.

Chotsala chachitatu n'chovuta kuchiloza ndi chala. Amuna ambiri a msinkhu wanga sitinaonepo bambo akucheza ndi mayi pakhomo madzulo, akukangana n'kugwirizananso. Tinakula tikudziwa kuti bambo ndi munthu wotumiza ndalama ndi wobwera ndi chikwapu, ndipo ambiri tinalera ana athu momwemo. Lero kuli foni, mwana amaona nkhope ya bambo ake pa WhatsApp, ndipo amayi nawonso akupita, ana n'kutsala ndi agogo. Ndi bwino kuposa kalata, koma foni siperekeza mwana kuchipatala usiku. Ndipo ulemu wopitirira uja ukadalipo. Pamsonkhano wa chitukuko, mfundo imene mlangizi wathu wakhala akuinena chaka chonse imawomberedwa m'manja tsiku limene yanenedwa ndi mlendo woyera. Khanda likabadwa loyererako, azakhali amaliyamikira mwapadera. Pamsika wa Jenda mafuta oyeretsa khungu sachedwa kutha. Amene akuchita zimenezi ambiri anabadwa tsankho la ku Joni litatha kale; anazitengera kwa ife, ifenso tinazitengera kwa anthu onga bambo anga, amene anaziphunzira ndi mantha.

Bambo anabwereratu tsitsi litayera, opanda penshoni, chifukwa wantchito wa m'nyumba analibe. Anakhala zaka zawo zomaliza akuweta ng'ombe zimene anagula ali kutali, ndipo ndi m'zaka zimenezo pamene tinayamba kucheza ngati munthu ndi mwana wake. Anzawo a m'badwo umenewo atsala owerengeka.

Ngati m'banja mwanu muli agogo amene anapita ku Wenela kapena ku TEBA, khalani nawo pansi akadali moyo, muwafunse dzina la mgodi, zaka zimene anagwira, ndi nambala yawo ya ntchito, mulembe. Makhadi akale, zitupa ndi mapepala a kuchipatala amene ali pansi pa bokosi musakolezere moto; kwa wodwala kapena wamasiye, umboni ndi umenewo. Thumba la Tshiamiso linapatsidwa zaka 12 zokha, choncho kafunseni ku ofesi ya zantchito pa boma msanga. Kulembetsa ku thumbali n'kwaulere, ndipo wina akakuuzani kuti mupereke kaye kangachepe kuti dzina lanu lilowe, ameneyo ndi wakuba.